Apongozi Sakubweranso Kudzadya

Malema,
Karonga.

Okondedwa achimwene a Gideon,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu a Doris pamodzi ndi ana. Kodi mwendo wa amayi ukuwalola kupita kudimba? Kuno tilipo. Mphwanu Ipyana anadwala malungo sabata yatha koma wachira, wabwerera kusukulu. Kutentha kuja munakudandaula kwawonjeza. Ine m'thupi ndili bwino. Zinazo musandifunse.

Mafoni anu ndimawaona. Sindiyankha dala, chifukwa pafoni woyankhula mumakhala inu, ine n'kumangoti eya, eya, monga ndakhala ndikuchitira chibadwire. Papepala simungandidule mawu. Muwerenge mpaka pamapeto, ndapota nanu.

Zikomo kuti munabwera pamaliro a amuna anga, alamu anu a Kenan, n'kubweranso kudzationa mwezi utatha. Ulendo wochokera ku Ntcheu kufika kuno si wamasewera, ndipo sindiiwala. Koma paulendo wachiwiriwo munandilakwira kwambiri, ndipo ndikuona kuti mpaka lero mukudziyesa munthu amene anapulumutsa mlongo wake.

Ndiyambe ndakufotokozerani za malo amene munalalatiramo, poti munangowaona tsiku limodzi.

Kuno ku Malema kuli timalo todyera tambiri timene mlendo sangatipeze, chifukwa tilibe zikwangwani. Kuli a Hudson amene amakazinga chapati pansi pa mtengo wa mango, a kabaza n'kumadya chiimirire, njinga ili m'manja. Kuli bambo wina wa ku Kyela wokazinga chipsi chamazira chija amati chipsi mayai, amene amatsegula wailesi ngati tonse ndife ogontha. Ndiye kuli ife kuseri kwa chigayo, kumene ndakhala chisiyire choko n'kugwira chipande: matebulo atatu, benchi, mpunga wa kilombero, ndi mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija munaziyamikira mkangano usanayambe. Dzina tilibe. Anthu amangoti tiyeni pazenera.

Zeneralo ndi lija munalitcha la kundende.

Analiboola ndi a Kenan, ndi manja awo. Madzi osefukira atagwetsa nyumba ya apongozi, bambo awo a Kenan, ku Kaporo, tinawatengera kuno n'kuwapezera kanyumba pafupi nafe. Akazi awo anamwalira kalekale. Funso linali lakuti azidya kuti. Pakati pa Ankhonde, mkamwana saonana maso ndi maso ndi bambo a mwamuna wake, ngakhale dzina lawo salitchula, n'chifukwa chake simulipeza m'kalata muno. Achinyamata ambiri m'tauni anazisiya zimenezi. A Kenan anandiuza kuti ine ndine Mngoni, palibe angandikakamize.

Mwambowu ndinayamba kuuwerenga m'buku lakale la mzungu wina ndili kukoleji, ndipo ndinanyansidwa nawo monga momwe munachitira inu. Koma tsiku lina ndinawaona akuluwo akuzungulira njira yaitali dzuwa likuswa mtengo, ndodo ili m'manja, kuopa kuti angakumane nane pampopi n'kundichititsa manyazi. Apo ndinazindikira kuti woopa si ine ndekha. Nawonso amandiopa. Bukulo silinanene zimenezo. Ndinasankha ndekha kuusunga, achimwene, palibe anandiopseza.

Ndiye a Kenan anaboola khoma la pakati pa khitchini ndi podyera, m'munsi, poti pazituluka mbale ndi manja basi. Anati bambo azidya za m'manja mwanga zikadali zotentha, mwambo nawo usagone ndi njala. Masana aliwonse apongozi ankafika n'kukhosomola pakhomo kuti ndidziwe. Ine ndinkalowa kukhitchini, iwo n'kukhala pampando wotsamira khomalo. Woperekera anali Towera, mlongo wawo wa a Kenan, yemwe uja anakupatsani madzi osamba m'manja.

Titaika maliro ndinkaganiza kuti sadzabweranso. Tsiku limene tinatsegulanso, ndinangomva chifuwa chija pakhomo. Anakhala pamalo pawo, anadya pang'ono. Kenako anayamba kuyankhula ndi a Lyson, kalaliki wopuma amene amabwera kudzawerenga nyuzi ya dzulo ndi kapu imodzi ya tiyi. A Lyson Chinkhonde amachimva bwino lomwe, ndipo awiriwo amacheza m'Chinkhonde masiku onse. Koma tsiku limenelo apongozi anayankhula Chichewa, chawo chothyokathyoka chija, mokweza ngati akuitana ng'ombe.

Anafunsa a Lyson ngati akudziwa kuti Kenan ali mwana ankaopa abakha, moti bakha wina anamutsekereza m'chimbudzi kuyambira m'mawa mpaka anthu atabwera kumunda. Mawa lake anasimba za ng'ombe imene anagulitsa, Kenan n'kukagona m'khola masiku angapo akukana kudya. Tsiku lina anati Kenan anabwera kudzawauza kuti wapeza mkazi amene amawerenga buku akuyenda, ndipo wamuona akugunda mtengo wa magetsi n'kuupepesa. Akuti anamuuza kuti ameneyo amukwatire msanga asanagwere m'dzenje.

Ine kuseri ndinaseka, koyamba chimwalirire a Kenan, misozi ikugwera mu anyezi. Apongozi atamva anauza a Lyson kuti khoma ili likuseka. A Lyson anayankha kuti makoma a masiku ano ndi amwano, sanalangidwe.

Zinayamba choncho. Ankauza Towera kuti auze khoma kuti mchere wachepa. Ine n'kuuza Towera kuti auze mpando kuti adokotala analetsa. Mpando unkadandaula kuti adokotalawo sanalaweko mbalagha chibadwire. Ndikafuna kuthokoza ndinkawasankhira nyama yofewa, poti mano atsala ochepa, ndipo mbale inkabwerera yoyera.

Achimwene, anthu ambiri anandiuza kuti ndilimbe mtima. Ena anandiwerengera mavesi, ndipo mavesiwo ndinkawadziwa kale. Mabuku anga, amene sanandikanepo, miyezi imeneyi ndimangowatsegula n'kuwatseka. Munthu mmodzi yekha ndiye ankandipatsa a Kenan amene sindinawadziwe, pang'onopang'ono, masana aliwonse, ndipo ankachita zimenezi osandiyang'ana n'komwe.

Ndiye munabwera inu.

Munali pabenchi mukudya. Munamva chifuwa pakhomo, n'kuona ine ndikusiya kapu patebulo, ndikufunda chitenje kumutu kuthamangira kukhitchini. Simunafunse munthu. Towera anakugwirani malaya akukunong'onezani, inu munamukankha dzanja. Munaimirira n'kunena kuti mlongo wanu ndi mphunzitsi wa satifiketi, si galu wothawa mwini nyumba. Munati ng'ombe zimene anapereka sizinagule munthu. Munati mwana wawo wafa, ukwati watha, ukapolo nawo uthe. Zonsezi pamaso pa a Lyson, a kabaza, ndi anamwino awiri amene anasiya masupuni m'mwamba.

Kenako munalowa kukhitchini, kundigwira pamkono, kundikokera pakati pa anthu, kundivula chitenje kumutu, n'kuwauza akuluwo kuti andiyang'ane, ndine munthu.

Mukukumbukira chimene anachita? Madzulo ake munandiuza monyadira kuti achita manyazi poti mwawauza zoona. Ayi. Anaphimba nkhope ndi chipewa kuti asandione, kuti ulemu wanga utsaleko ngakhale inu munali mutauvula. Anatuluka akupapasa khoma ngati wakhungu, n'kugunditsa bondo pabenchi, ndodo n'kuiiwala. Bambo woti waika mwana wake mwezi wathawo, inu n'kumawakumbutsa kuti mwana wawo wafa, ngati kuti anaiwala.

Ndipo inu munakhalanso pansi n'kumaliza mbalagha yanu.

Ine sindinanene kanthu tsiku limenelo, ngakhale m'mawa pokuperekezani kudepoti. Mwina munayesa kuti ndikuthokoza.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti inu si mlendo pa zimenezi. Kodi si inu amene munalumphira m'munda wa chimanga kuthawa amayi awo a alamu a Doris panjira ya kumsika, thalauza n'kung'ambika kumbuyo? Tinaseka chaka chonse, koma palibe anati ndinu kapolo. Mudzi wonse unati a Gideon ndi mkamwini waulemu. Ndiye zikakhala zakwathu ndi ulemu, zikakhala za Ankhonde ndi ukapolo?

Ndikudziwa kuti ndinu mwini mbumba, ndiponso kuti munachita pondikonda. Bambo atatisiya munandilera ndinu, sindinagonepo ndi njala. Koma kodi munandifunsa? Mwa anthu onse amene anali m'chipinda chija, amene anandigwira ngati katundu anali mmodzi yekha, ndipo sanali Mnkhonde.

Chichokere inu, apongozi sanapondenso pano. Ndimatuma Towera ndi chakudya m'kontena. Chimabwerera atangolawako, masiku ena osatsegula n'komwe. Akuti sanakwiye ndi ine. Akuti ngati abale a mkamwana akuona kuti akuzunzidwa, iwo sangakhalenso pamalo pomwe akumuvutitsa mwana wa eni. Towera wandiuza kuti lamba wawo abooletsa bowo lina. A Hudson akuti anawaona akugula chapati chimodzi n'kumadyera m'njira ngati munthu wosabala, ndipo anandifunsa pagulu ngati pazenera tasiya kuphika. Wa chipsi mayai uja naye akuuza makasitomala ake kuti kwa Mngoni amathamangitsa nkhalamba.

A Lyson amabwerabe, koma amangokhala duu ndi nyuzi yawo. Dzulo anawerama pazenera n'kufunsa ngati khoma lili bwino. Ndinangowatulutsira tiyi wawo.

Ipyana amapita kukaona agogo ake akaweruka. Tsiku lina anabwera n'kundifunsa kuti amalume anawachita chiyani agogo. Ndinamuuza kuti amalume sanadziwe. Anandifunsa kuti nanga munthu wamkulu akapanda kudziwa, safunsa? Mumuyankhe ndinu.

Tsopano nkhani yafika poipa. A Manase, mwana wa mng'ono wawo wa apongozi, akufuna kuwatenga kubwerera nawo ku Kaporo mvula isanayambe, akakhale m'kanyumba kaudzu pamalo pomwe paja madzi anagwetsa nyumba. Apongozi avomera. Inu Kaporo simukudziwa. Kumeneko mtsinje ukakwiya, achinyamata amathawa, okalamba amatsala pachulu kudikira bwato. Ngakhale madzi atawasiya, kuno sadzabwereranso. Ipyana adzakula osamva za bambo ake kuchokera kwa amene anawabereka. Ine ndidzakhala nditaika a Kenan kawiri.

Ine sindingapite kukapepesa. Ndikakaima pamaso pawo ndiye kuti ndamaliza ntchito imene munaiyamba. Ndafunsa akuluakulu a kuno, ndipo akuti wolakwayo abwere yekha, nkhuku ili m'manja, akhale pansi, anene kuti sanadziwe. Si mlandu wa ng'ombe ayi. Pafoni sizitheka, ndipo musayese kutumiza ndalama, mungaonjeze chipongwe. Atambala muli nawo ambiri kuseri kwa nyumba. Mukaona kuti tambala avuta m'basi, mudzagula konkuno, koma adzalowe pakhomo pawo ali m'manja mwanu.

Za galimoto imene mukuti mutumiza pa Khirisimasi kudzanditenga ine ndi katundu, iwalani. Ku Ntcheu ndidzabwera kudzacheza, osati kudzakhala. Manda a mwamuna wanga ali kuno, ntchito yanga ili kuno, ndipo mwana wanga ndi wa kuno. Amayi muwauze mofatsa, muwauzenso kuti palibe akundizunza.

Tsono pali chimene ndachita osakufunsani, monga nanunso simunandifunse. Lamlungu ndinatuma Towera kuti akawauze apongozi kuti achimwene akubwera kumapeto kwa mwezi uno kudzapepesa, a Manase ayambe adikira. Ndinanena ngati kuti munavomera kale. Mukapanda kubwera, wabodza ndine, ndipo akuluwo adzakwera galimoto ya ku Kaporo akudziwa kuti mkamwana wawo anawanamiza. Mukwiye nane mmene mungathere, koma mukwiyire m'basi.

Towera akuti atawauza, apongozi anafunsa ngati ku Ntcheu n'kutali kuposa ku Mbeya. Atamva kuti n'kutali kwambiri, anapukusa mutu n'kunena kuti munthu woyenda mtunda wotero sapepesa ali ndi njala. Akuti mukafika muyambe mwadya, mbale imodzi ndi iwo, patebulo lawo, zopepesazo zibwere pambuyo. Akuti mlendoyo ndi malume wa mdzukulu wawo, asamve kuti ku Karonga anamulandira ndi mlandu.

Ameneyo ndiye munthu munamutukwana, achimwene. Bwerani.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Doris, kwa mwana wanu Tonny ndi azing'ono ake, ndi onse a kumpingo amene anatipepesa pamaliro. Ipyana akupereka moni kwa agogo ake. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akuyendetseni bwino panjira yaitaliyo.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wanu ndithu,

Modesta