Shuta woyamba alipo mmodzi

Lolemba, 10 Juni 2024
Kafukufuku wanga wa mantha a osewera netibo wayamba, timu ya atsikana ya ku Chibavi. A supavaiza akufuna njira ziwiri: mapepala ochonga 1 mpaka 5, kenako kucheza ndi aliyense payekha, ndifananitse. Ine mtima uli pa manambala, sachedwetsa munthu. Mapepala ndagawira pagiraundi pomwepo, a kochi a Fiskani ataima chapafupi, manja m'thumba. Ndalonjeza atsikana kuti dzina la munthu silituluka.

Lachitatu, 12 Juni
Galafu yatuluka yokongola. Onse achonga 1 kapena 2, sakuopa. Mmodzi yekha 5 paliponse. A kochi anapempha kuti aone, ine ndi matama angawa ndawaonetsa pafoni. Mayina ndinachotsa, koma malo osewera ndinasiya. Angoti, "Shuta? Oho."

Shuta woyamba m'timu alipo mmodzi, Chawanangwa. Ndazindikira ndili kale pakabaza, mutu wangawu.

Lachinayi, 13 Juni
Lero kucheza, kuseri kwa kalasi, foni ikujambula mawu. Eee! Glory amasanza m'mawa wa gemu iliyonse. Temwa chakudya sichilowa. Ndamufunsa kuti nanga anachongeranji 1, wandiseka. "Asisi, a kochi ali apo, iwe uchonge kuti ukuopa? Ufuna benchi?"

Chawa anabwera pomaliza. "M'mimba mumawira nthawi zonse, kweni ndikangogwira bola zimatha. Munati tinene zoona, ndiye ndinanena." Wandithokozanso, yewo chomene, akuti palibe anamufunsapo zimenezi. Ndalephera kumuyang'ana m'maso.

Lachisanu, 14 Juni
Mawa Chawa sasewera. Mawa lomwelo kukubwera osankha timu yachigawo, yomwe mwanayu wakhala akuilota.

Ndapita kwa a kochi ku Masasa. Ndati pepala lija lingoonetsa yemwe analimba mtima kunena, osati yemwe akuopa. Iwo, "Madamu, manambala ndi anu omwe. Enawo umboni uli kuti?"

Umboni unali m'thumba mwanga. Ndikanangodina, akanamva Glory, Temwa, onse. Kupulumutsa mmodzi pogulitsa timu yonse, nditagulitsa kale mmodzi. Foni ndinaigwira mpaka thukuta, sindinaitulutse. Ndikudzida.

Loweruka, 15 Juni
Kuzizira, kamvula kowaza. Chawa gemu yonse pabenchi, atavala juzi, akuwombera m'manja mnzake amene analowa m'malo mwake. Osankha aja alemba zawo n'kumapita.

Anthu atabalalika ndakhala pambali pake n'kumuuza zonse, za galafu, za malo osewera. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangopitiriza kumasula zingwe za nsapato zomwe sizinaponde m'bwalo.

"Mudzabweranso ndi mapepala ena, asisi?"

Ndati inde, mwezi wamawa.

"Palije suzgo, palibe vuto. Ndidzachonga 1 ngati anzanga."