Kachizindikiro pa Mtanda wa Malemu Gideon Yawako

KOMITI YA KALEMBEDWE KA CHIAKOYE
Tsiku: Loweruka, 9 Marichi 2019
Malo: Kalasi ya Sande sukulu, Kerema
Analipo: Bambo Esekia Poiye (wapampando), Mayi Rahel Menako (mlembi), Bambo Barnabas Yawako, Aphunzitsi Silas Aiwano
Oitanidwa: Mayi Dorkas Yawako, mkazi wa malemu
Opepesa: Abusa Titus Wamiko, mtsinje wadzaza

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero nthawi ya 10 koloko m'mawa. Anakumbutsa kuti uwu ndi msonkhano woyamba chimwalirireni Bambo Gideon Yawako, amene anayambitsa komitiyi.

2. Chilembo cha k
Aphunzitsi Aiwano anati k akakhala pakati pa mawu amamveka ngati g, ndipo ana akusokonezeka. Bambo Barnabas anati lilime limadziwa lokha. Nkhaniyi inaimikidwa kachitatu.

3. Pempho la Mayi Dorkas
Mayi Dorkas anati pamtanda wa amuna awo panalembedwa kuti apita ku "agana". Mawuwa ukatsitsa liwu poyamba amatanthauza kumwamba, ukakweza pakati amatanthauza chivundikiro cha mphika. Mdzukulu wawo wobadwira m'tauni anawerenga mokweza pamanda kuti agogo apita m'chivundikiro, ndipo anthu ena anaseka. Anapempha kuti pamawuwo paikidwe kachizindikiro kosonyeza katchulidwe kake.

Bambo Barnabas, mng'ono wa malemu, anakana. Anati achimwene awo anadana ndi tizizindikiro moyo wawo wonse, ankatitcha ntchentche zotera pa sago, chakudya cha kuno. Anati: "Alamu, munthu wangogona kumene, mukufuna timuikire ntchentche pamutu?"

Mayi Dorkas anayankha kuti: "Iwo ankakana chifukwa aliyense amene ankamudziwa anayamwira chinenerochi kumapiri. Ana awa anayamwira kuti? Ine ndi amene ndimakalambula pamandapo, alamu. Ndimamva zimene amawerenga."

Wapampando anapempha Aphunzitsi Aiwano kuti asiye kuseka. Aphunzitsi anapepesa.

Kenako Bambo Barnabas anavomera kuti nawonso ana awo sasiyanitsa mawu awiriwa. Onse anagwirizana kuti kachizindikiro kaikidwe pamtanda, komanso m'buku lophunzitsira ana kuwerenga paliponse pamene liwu lokha limasintha tanthauzo.

Mlembi anapempha Mayi Dorkas kuti atchule mawuwo pang'onopang'ono kuti aone poika kachizindikiro. Anatchula kawiri. Kachitatu analephera. Msonkhano unapumira kaye.

4. Zina ndi zina
Wapampando anadandaulanso za malovu a anthu otafuna mtedza wa buai pakhomo la kalasi.
Aphunzitsi Aiwano anadzipereka kukalemba pamtanda. Bambo Barnabas anati ayi, utoto ali nawo, akalemba okha, poti malemu achimwene awo akafuna munthu womukalipira pa za ntchentchezo, awakalipire iwowo.

5. Kutseka
Msonkhano wotsatira udzachitika pa 13 Epulo, malo omwewa. Mayi Dorkas anatseka ndi pemphero m'Chiakoye nthawi ya 12:20 masana.

Esekia Poiye, Wapampando
Rahel Menako, Mlembi