Zilembo Zomwe Zinalengeza Maliro a Munthu Wamoyo

Msonkhano wadzidzidzi wa komiti ya ogwira ntchito panyumba yosindikizira mabuku

Tsiku: Lachitatu, pa 12 Juni
Malo: Chipinda chodulira mapepala
Analipo: Wapampando, Mlembi, a Inki (oyendetsa makina), Mayi Osoka Mabuku, Mayi Akompyuta (olembedwa ntchito mwezi watha) ndi a Madala, mmisiri wathu wa zilembo amene akupuma pantchito
Sanabwere: Wachiwiri kwa Wapampando (mawu anatha ndi kulira kwa dzulo)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 10 koloko m'mawa.

2. Chikalata cha phwando

Wapampando anati komiti inatuma Mayi Akompyuta kukonza chikalata choitanira anthu kuphwando lotsanzikana ndi a Madala, chokhala ndi chithunzi chawo. Mayiwa anachisindikiza pamakina aang'ono a muofesi, chinamatidwa Lolemba m'misewu isanu. Lachiwiri m'mawa anthu anadzaza pakhomo pa a Madala akulira maliro, eni ake ali m'bafa kusamba.

A Inki anafotokoza kuti chikalatacho chinalembedwa ndi zilembo zakuda bii, zazitali, zothithikana, zimene a Madala anajambula okha zaka makumi atatu zapitazo kuti dzina lalitali lizikwana pamzere umodzi, liziwerengeka munthu ali tsidya la msewu. Chiyambire, zilembozi timalembera zilengezo za maliro basi. Anati: "Anthu sawerenga, bwana. Akaona zilembo zija pansi pa chithunzi, amangogwira kumutu."

Mayi Akompyuta anati dzina la a Madala silinkakwana ndi zilembo zina, ndipo palibe anawauza za lamuloli. Mlembi wafufuza m'mafayilo onse, lamulolo silinalembedwe paliponse. Wapampando, amene amayenera kuona chikalatacho chisanatuluke, anati anali otanganidwa.

Mayi Osoka Mabuku anati mayiwa achotsedwe ntchito lero lomwe, popeza akazi a Madala anakomoka pamsika atapepesedwa za imfa ya amuna awo. A Inki anagwirizana nazo.

3. Mawu a Madala

Voti isanachitike, a Madala anaimirira. Anati pakati pa olirawo panali mwana wawo wamwamuna, amene anachoka pakhomo atakangana naye zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. "Ndatuluka ndi thaulo, ndampeza wagwada pakhonde akuti, 'Ababa, ndachedwa.' Ndiye mwana wa eniyu, Mayi Akompyuta, mumuchotsere chiyani ntchito?"

Mlembi akuvomereza kuti cholembera chinamugwa m'manja.

Chigamulo: Mayi Akompyuta apitirize ntchito. Lamulo la zilembozi lilembedwe. Zikalata zonse zimatulidwe lero.

4. Zina ndi zina

A Madala anapempha kuti chikalata cha pasiteshoni ya basi chisamatulidwe mpaka Loweruka. Atafunsidwa chifukwa, anati mwana wawo wamkazi, amene naye sanaponde pakhomo chaka chachinayi chino, amadutsa pamenepo Lachisanu lokha. Palibe anatsutsa.

Msonkhano wotsatira: Lolemba, pa 17 Juni. Wapampando anatseka msonkhano 11 koloko.

Wapampando: ______________

Mlembi: ______________