Bokosi la Kuzenera

Lachinayi, 2 Juni 1983

Tsiku lachisanu chibwerere bambo a Eliza kuchokera ku Joni. Zaka zisanu ndi chimodzi kumgodi. Ine ndimati abwera ndi makina osokera. Abwera ndi masipika awiri, mabokosi a thabwa lonyezimira ofika m'chiuno mwangamu, ampu yake yokuzira mawu, choimbira marekodi ndi mabatire awiri a lole. Mlongo wanga Jailosi ndiye anakawatenga pangolo kusiteshoni ya Salima. Ng'ombe zinafika zili wefuwefu, mwiniwakenso.

Akuti wogulitsayo anawalangiza kuti masipika otere salira bwino akadali atsopano. Ayambe alira motsitsa maola mazana awiri kuti afewe, ngati nsapato. Ndiye akulira, kuyambira m'mawa. Maolawo akulemba pakalendala. Ine mutu waukulu. Makope a Sitandade 5 sindinachonge.

Lamlungu, 5 Juni

Kabati yanga yatuluka pabalaza, ati imabweza mawu. Ili pakhonde, nkhuku zayamba kale kuiyendera. Pansi ponse choko: apa bokosi, apa bokosi, apa mpando. Choko changa cha kusukulu. Ayeza ndi chingwe kuchokera kukhoma, kenako kuchokera pabokosi kufika pamphuno pawo. Mpando umodzi wokha pakati, ngati wa woweruza milandu. Kutchalitchi ndapita ndekha. Ofunsa ndawauza kuti bambo akupuma.

Koma kunena zoona, zinthuzi zimalira. Ndinaba mpandowo iwo atapita kuchigayo kukatchajitsa batire. Woimba ngati waima pakati pa chipinda, mpaka kupuma kwake kumveka. Ndinachita nthumanzi. Sindiwauza, angatukumuke.

Lachitatu, 8 Juni

Ati la kumanzere, la kuzenera, silikumveka bwino. Mawu ake ngofooka, ngati lili m'madzi. Aika njerwa pansi pake. Achotsa njerwa. Apachika mphasa pakhoma. Alipendeketsera mkati, alibweza. Masana awayang'anitsa mabokosi onse awiri n'kuwafunditsa bulangete langa, ati afewe msanga. Mwera wonsewu, ine ndifunda chiyani?

Ndamvetsera ndekha. La kuzenera ndi la kukhomo akulira chimodzimodzi.

Titaweruka kusukulu, kukayeserera magule a pa 6 Julaye ndi amayi a chipani. Kujomba sikutheka. Miyendo yatupa. Kufika kunyumba, rekodi yomweyo. Maola 74.

Loweruka, 11 Juni

Ndawaitana katatu kuti madzi osamba ndaika. Zii. Ndinali kumanzere kwawo. Ndazungulira mbali inayo, ndanena kamodzi, ayankha. Masana ndayesanso dala. Chimodzimodzi. Eliza naye wati abambo ake amapendeketsa mutu akamawalankhula. Ndamuuza atseke pakamwa.

Anandilemberapo kuti ntchito yawo inali yobowola miyala, chitsulo chili paphewa la kumanzere tsiku lonse. Kalatayo ndaifufuza m'sutikesi, ndaiwerenga kawiri. Lodwala si bokosi. Ndikumva chisoni, komanso ndatopa. Ungamuuze bwanji munthu, zaka zonsezo wabwera ndi chinthu chimodzi chomvera ndi makutu?

Lachiwiri, 14 Juni

Mawaya asintha onse. Sizinathandize. Tsopano ati Jailosi anagwetsa bokosilo pangolo n'kubisa. Anenanso pagulu, pabawo. Jailosi wabwera kuno maso ali psu. "Alamu, ndakuthandizani ndi ng'ombe zanga, lero ndasanduka wowononga?" Potuluka wandiuza kuti mkamwini asaiwale kuti nyumbayi yaima pamalo a amayi athu, ndipo akapitiriza, njira ya kwawo ku Chitala akuidziwa. Ine pakati.

Chondidabwitsa n'chimodzi. Asuntha chilichonse m'nyumba muno, koma kusinthanitsa mabokosi awiriwo ayi. Ndinatchulako. Ati la kukhomo lapeza malo ake, lisakhudzidwe. Anayankha akuyang'ana kumbali. Mwina mtima wayamba kuwauza.

Lolemba, 20 Juni

Masiku angapo osalemba. Kutopa.

Atcheyamani a nthambi ya chipani anadzabwereka masipika, ati a pamsonkhano. Awayankha kuti limodzi likudwala. Apo pokha matendawa atithandiza.

Koma nkhani ya Jailosi yafika kwa ankhoswe. Akhala Lamlungu likudzali, pabalaza pompano, amvetsere okha. Amene aumirira ndi bambo a Eliza, ati makutu ambiri sanama. Ine mutu waima. Ankhoswe adzamva zomwe ndikumva ine. Wina adzaseka, mawa lake mudzi wonse, kuyambira kudoko mpaka kumsika, uzidzati gonthi wa ku Joni. Amuna anga ndimawadziwa. Manyazi otero sangakhale nawo pano. Adzalongedza okha Jailosi asanatsegule pakamwa.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ngati wamasiye mwamuna ali moyo. Sindikufunanso.

Lachisanu, 24 Juni

Ndayamba katatu kuwauza, ndalephera katatu. M'mawa ndinafika mpaka poti, "Bambo a Eliza." Anali akupukuta singano ya choimbira ndi nthenga ya nkhuku. Sanadikire ndimalize. Anayamba kundifotokozera za pansi pamgodi, phokoso lokhalokha kuyambira polowa mpaka potuluka, ndi momwe ankaimira pawindo la sitolo ya masipika tsiku lopuma, kudziuza kuti tsiku lina adzakhala pansi kwawo n'kumva chinthu choyera. Aka n'koyamba kundiuza pakamwa za kumeneko. Mawu anga ndinameza.

Ndinanyamuka kuti ndikauze Jailosi. Ndabwerera panjira. Mlamu adziwe mwiniwake asanadziwe? Chimenecho n'chipongwe china.

Kuyeserera magule ndachedwa, andikalipira pagulu. Zilibe kanthu. Kwatsala mawa lokha.

Loweruka, 25 Juni

Eliza ndamutuma kwa azakhali ake. Chitseko ndatseka. Ndinawapempha aike rekodi, akhale pampando wawo. Ndafunsa kuti lofooka ndi liti. Aloza la kuzenera, monga masiku onse. Ndinati, "Tatembenuzani mpando, muyang'ane khoma la kumbuyo. Mabokosi anu sindikhudza." Anaseka, ati aphunzitsi ayamba mayeso. Koma anatembenuza.

Nyimbo inafika pakati. Ndafunsanso. Dzanja linakwera, kuloza la kukhomo, labwino lija, n'kuima m'malere. Analitsitsa pang'onopang'ono.

Anatembenuzanso mpando. Kenakonso. Kanayi konse. Rekodi inatha, singano ikungokanda, woichotsa palibe.

"Munadziwa liti?"

Ndinati masabata awiri apitawo. Anagwedeza mutu. Misozi sindinaione. Wolira ndinali ine. Chakudya sanakhudze. Lero kalendala sinalembedwe.

Lamlungu, 26 Juni

M'mamawa anakwera njinga, ulendo wa kwa Jailosi. Zomwe akambirana sindikudziwa, ndipo sindifunsa. Ankhoswe sanabwere.

Bambo a Eliza abwerako masana. Ayedzamiritsa njinga pakabati yanga ija, alowa, aima pakalendala nthawi yaitali. Maola 169. Ndimati anena kuti tigulitse, kapena tipereke kwa atcheyamani. Mtima unali m'mwamba. Anyamula mpando, aubwezera pachoko pake penipeni, n'kundikodola.

"Atsala maola makumi atatu ndi limodzi. Khalani apa, mayi a Eliza, muzindiuza pokankhira. Makutu awiri muli nawo ndinu."

Ndakhala, makope anga ali pamiyendo. Iwo aika rekodi, agwada pabokosi la kuzenera, khutu la kumanzere lili kwa ine, manja ali m'mbali mwake, kudikira ndinene. Ine sindidziwa n'komwe chomwe ndiyenera kumvera. Ndinati alowetse mkati pang'ono. Anayamba kukankha. Ndinati basi, pomwepo.

Anapitiriza kukankha.