Bulaketi yagolide yaipitsa dzina la Baba Rasaki

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 38, ndimakonza makompyuta kumsika wa Ikeja. Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi akunyumba.

Mlamu wanga Gbenro amajambula maukwati ndi maliro n'kumaulutsa pa intaneti kuti abale akunja azionera nthawi yomweyo. Kompyuta yake inkatentha kwambiri, ndiye anagula choziziritsira chachikulu cha mafani awiri. Tsoka ilo, mabowo ake sanagwirizane ndi a pabolodi la m'kati mwa kompyutayo. Poti ndili ndi makina osindikiza zinthu zapulasitiki, ndinadzitama kuti ndimupangira bulaketi yoti igwire choziziritsiracho, chikanikize bwino purosesa, kachipangizo komwe kamatentha kwambiri m'katimo.

Pulasitiki ndinali nayo iwiri: yakuda yopirira kutentha, ndi yagolide yomwe imafewa ikatenthedwa. Kusiyana kwake ndinkakudziwa bwino lomwe. Koma Loweruka la sabata imeneyo Gbenro anali ndi ntchito yojambula maliro aakulu ku Ibadan, ndipo aso ebi, nsalu yomwe tonse opita kumaliroko tinagwirizana kuvala, inali yagolide. Kompyutayo ili ndi galasi m'mbali, zam'kati zimaoneka. Gbenro anati, "Alamu, yakudayo ayi, ikuoneka ngati tayala. Ikani yagolideyo, nayonso kompyuta ivale aso ebi!" Tinaseka. Mawu oti "ifewa iyi" anafika pakamwa, koma ndinawameza. Ndinkafuna anthu azidzafunsa kuti wapanga ndani.

Tsikulo dzuwa linaswa mtengo, mutenti muli ngati mu uvuni. Akuyamba kutsitsa bokosi, kompyuta inangoti zii. Morenike, mwana wa malemu, ankaonera ali ku Toronto chifukwa anali woyembekezera ndipo madokotala anamuletsa kukwera ndege. Anali atakonza mawu otsanzikana ndi mayi ake oti amveke pamandapo. Kompyuta inadzayambanso kugwira ntchito manda atakwiriridwa kale.

Gbenro analumphira Baba Rasaki, mkulu amene anabwereketsa jenereta. "Chijenereta chanu chamakedzanachi chandiphera ntchito!" Mkuluyo anangoti, "Mwana wanga, magetsi anga sanaphethire n'komwe." Palibe anawamvera. Ine ndinali pomwepo, mbale ya amala, nsima ya kwathu kuno, ili m'manja, ndipo ndinakhala chete.

Lolemba nditatsegula kompyutayo ndinapeza bulaketi yapindika ngati nthochi, choziziritsira chili lende, osakhudza purosesa. Ndinasindikiza yakuda mwachangu n'kuuza Gbenro kuti, "Anali magetsi basi. Yagolide ija ndaichotsa poti maliro atha." Yopindikayo ndinaibisa mudirowa.

Papita miyezi itatu. Gbenro akunditama paliponse kuti ndinamukonzera kompyuta, koma Baba Rasaki palibenso akuwaitana kuzochitika. Sabata yatha ndinakumana nawo, anandipatsa moni mwansangala n'kufunsa za ana anga. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Ndikudandaula kwambiri, Aphungu. Koma ndikaulula, mlamu wanga adzandikhulupiriranso? Nanga mkazi wanga adzaima mbali iti?

T.A., Ikeja

A T.A.,

Mwalakwa kawiri, ndipo zolakwazo n'zosiyana kukula. Kusankha pulasitiki poona mtundu n'chibwana cha mmisiri wofuna kutamidwa, ambiri tinachitapo zotere. Koma kuima ndi mbale m'manja munthu wamkulu akunyozedwa chifukwa cha ntchito yanu, kumeneko ndiye kulakwa kwenikweni, ndipo mukukubwereza tsiku lililonse lomwe dirowayo ili yotseka.

Yambani ndi akazi anu, lero lomwe. Gbenro ndi mchimwene wawo, asadzamve nkhaniyi kwa anthu. Kenako tengani bulaketi yopindikayo mukaiike m'manja mwa mlamu wanuyo. Musakayambe ndi zoti anasankha mtundu ndi iye. Iye ndi wojambula, mmisiri ndinu, ndipo amene ankadziwa kuti ifewa ndinu nokha. Akwiya ndithu, mwina mpaka Khirisimasi. Msiyeni akwiye.

Mukatero, nonse awiri mupite kwa Baba Rasaki. Inu mukagone chafufumimba pamaso pawo monga tichitira kwa akulu, osati kungowerama pang'ono ngati mukutola ndalama. Koma kupepesa kwa m'nyumba sikukwanira, chifukwa ananyozedwa pagulu. Gbenro akauze banja lofedwa ndi onse okonza zochitika kuti jenereta ija inalibe vuto, ndipo pantchito yake yotsatira aitane mkuluyo.

Morenike mulembereni mawu ochepa, opanda zifukwa zodzitetezera. Akapanda kuyankha, musamuumirize.

Zoti Gbenro adzakukhulupiriraninso kapena ayi, sindingakulonjezeni. Chomwe ndikudziwa n'chakuti maliro aja simungawabwezere kwa Morenike, anapita basi. Dzina la Baba Rasaki lokha ndi lomwe mungabweze. Koma chenjerani, mkuluyo ndi wachikulire. Mukapitiriza kuzengereza, mudzapezeka mwavala aso ebi pamaliro awo, bulaketi ija ikadali mudirowa.

Aphungu