Laimu pa mayina a mbatata

Lachinayi, mu Febuluwale. Mpaka pano ukali sunandithere.

Ndinangochokapo masiku awiri, kukaika maliro a malume. Pobwera ndapeza a Chimwaza, kapitawo wathu pano pa famu ya kafukufuku, akonza nazale yanga ati chifukwa kumabwera nduna. Machubu onse a mbatata awasanja ngati ana asukulu, mbewu zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo. Timatabwa ta mayina atizula, atipaka laimu, n'kutizika m'mbali mwa njira.

Zaka zitatu ndikupalasa njinga ku Chipoka ndi ku Chinguluwe, kupempha kholowa wamakolo khomo ndi khomo! Mtundu wopirira chilala umene anandipatsa mlimi wina, a Saidi, umayenera kupita ku Lilongwe Lolemba kuti akatswiri akauchulukitse m'mabotolo. Lero ndiloza uti? Masamba ake ngofanana ndi mitundu ina, ndipo munda wa a Saidi unakokoloka chaka chatha.

Nditawafunsa, a Chimwaza agwira baji yachipani pachifuwa n'kunena kuti, "Achimwene, mbatata ndi mbatata. Kapena simunafune kuti abwana aone zokongola?"

Ndangoti zikomo. Funso lotere ukaliyankha molakwa, achipani amakusowetsa.

Ndunayo akuti sinatsike n'komwe m'galimoto.