Mayi Woima pa Windo

Area 9,
Lilongwe.
19 Okutobala, 2024.

Okondedwa achemwali a Evelina,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndi Mayankho tilipo, kungoti mtima suli m'malo. Kalatayi ndapatsira mayi wogulitsa tomato wa kwathu ku Mitundu uja, poti foni anapita nayo amuna anga a Nebert. Muwerenge nokha kaye, amayi musawauze zonse.

Mukudziwa kuti chipitire a Nebert ku Joni, ine ndikadali m'kanyumba kakuseri kaja, pamene ankagwira ntchito ya m'maluwa. Azungu aja anasamuka, nyumba yaikulu ndi yotseka. Eni ake, a kampani, amayesa kuti kuno kulibe munthu. Odziwa za ine ndi alonda okha, abambo a Cornelius. Kuno si kwathu, achemwali. Mipanda italiitali, kuseri kwake agalu okhaokha. Tsiku limatha ndalankhula ndi mwana yekha.

Lachiwiri kunabwera anthu otumidwa ndi kampaniyo, atanyamula makina a miyendo itatu, mutu wake wozungulira wokha. Akuti amajambula nyumba yonse, makoma, denga, mapaipi, n'kukaimanganso m'kompyuta, kuti mabwana aziona pofunika kukonza ali khale mu ofesi ku City Centre. Abambo a Cornelius anawauza kuti kiyi wa kanyumba kanga anasowa. Ine anandinong'oneza kuti, "Amake Mayankho, lowani, musatuluke mpaka apite."

Ndinabereka mwana n'kuima mkati mumdima, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ndimati poti kamera imafuna kuwala, sindioneka. Za windo lopanda galasi lija sindinaganizeko.

Dzulo ndinangomva kugogoda. Anali mtsikana wa gulu lomwe lija, wofunda mpango kumutu, dzina lake Nasima. Anakhala pakhonde n'kutsegula kompyuta. Achemwali, ndinaona nyumba yonse yopangidwa ndi timadontho ngati mchenga, iye akuitembenuza ndi chala. Kenako anayandikitsa windo langa. Mkatimo munali mayi ataima, kamutu ka mwana kakusuzumira paphewa.

"Awa ndinu?" anandifunsa.

Ndinavomera.

"Makinawa safuna kuwala, mayi. Mukanamayendayenda bwenzi mutangotuluka ngati utsi. Koma inu munaima bwino kuposa mzati."

Anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga anasiya. Ine ndinagwada pansi. Ndinati mabwana akaona zimenezi atitulutsa lero lomwe, nanga mwanayu ndilowera naye kuti? Anandidzutsa, amvekere, "Musandigwadire, ndine mwana kwa inu. Anthu timawafufuta nthawi zonse, amphaka, magalimoto, chilichonse chomwe si nyumba. Ndikufufuteni?"

Ndinapempha kuti ndionenso kaye. Chibadwire Mayankho sitinajambulitsepo tili awiri. Nditaona mokwanira ndinati fufutani. Anadina, ife tinasowa, windo linatsala lakuda.

Ndimayesa zathera pomwepo. Koma anatembenuza kanyumbako n'kundionetsa khoma lakumbuyo, lomwe timayala mphasa m'munsi mwake. Linali lofiira lokhalokha. Akuti lapendekera kunja, maso sangaone koma makina ayeza.

"Inu ndakufufutani, koma khomali sindingalifufute," anatero. "Likadzagwa ndi mvula muli momwemo, ine ndidzati chiyani? Amisiri abwera kudzaligwetsa mvula isanayambe. Ndipo poti m'kompyuta mulibe munthu, sadzayamba ndi kugogoda."

Tsiku lake sakulidziwa. Mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo. Mphasa ndasunthira pakhomo.

Ndiye chonde, achemwali, mukawapemphe amayi andilole ndibwerere. Ngakhale m'chigafa cha fodya chija ndigona, ndipo kumunda ndilima. Za a Nebert musandifunse. Chiimbire pa foni ya abambo a Cornelius nthawi yokolola, kuli zii. Amayi mungowauza kuti ndapukwa kwathu. Yankho mumupatse mayi wa tomato yemweyu, adzaimirire pageti, alonda adzandiitana.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa amayi a chigwirizano amene amandikumbukirabe. Amayi muwauze kuti mdzukulu wawo wamera mano awiri, ndipo wayamba kuimirira. Kungoti amakonda kugwirira khoma lomwelo, ndiye ndimakhalira kumuchotsa, iye n'kumalira.

Musachedwe, achemwali. Kuno amene angatione ndi maso atsala abambo a Cornelius okha.

Ndine mng'ono wanu,
Eveless.